Mmene Ndinachitira Dzimbiri Nditakhala Pasikelo

Abale anga, ine ndinaimitsapo mphunzitsi wa sayansi pamsewu kuti ndimuphunzitse sayansi. Ine ndemwe, wolekezera Sitandade 8. Sekani ndithu, musaope, kuseka sikukweza BP.

Unali m'mawa, ndikumangirira sikelo yanga pamtengo wa mango m'mbali mwa msewu wolowera pa Boma. Kunatulukira bambo wina wamtali atavala kabudula, akuthamanga popanda chomuthamangitsa, thukuta lili kamukamu. Ndinkamuona masiku onse, ndipo ndinkamumvera chisoni. Tsiku limenelo ndinati ayi, munthu asafe ine ndikuona. Ndinamukodola, n'kutulutsa m'thumba pepala langa lamafutamafuta.

"Bwana, pepani kukuimitsani," ndinatero. "Kuthamangaku mukudziwononga. Asayansi apeza kuti thupi limachita dzimbiri mkati."

Bamboyo analandira pepala lija, analiwerenga, analitembenuza, kenako anandifunsa kuti, "Nanga theka linalo lili kuti?"

Ndinati theka linalo linapita ndi kanyenya wa munthu wina. Anaseka, anandibwezera pepala langa, n'kupitiriza ulendo. Mnzanga wa pachiwaya ndiye anandiuza kuti amenewo ndi a Nyirenda, amaphunzitsa sayansi kusekondale. Manyazi ndinachita, koma a tsiku limodzi. Pepalalo ndinalisunga zaka zitatu.

Dzina langa ndine Sitefano Makwinja, kumudzi amati abambo a Esinati. Kwathu ndi ku Nkhulambe, koma ndili pachikamwini kuno kufupi ndi Boma zaka zoposa makumi awiri. Anesi andipempha kuti ndinenepo mawu pamene tikudikira kuyezedwa BP ndi shuga. Ndalemba, chifukwa ndikamalankhula za pamtima ndimasochera, ndipo ena a inu mwabwera osadya.

Matenda anga oyamba si BP ayi, ndi kuwerenga. Ndimawerenga chilichonse chimene chandiyandikira: nyuzipepala za chaka chatha, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, thumba la feteleza. Chingerezi ndinadziphunzitsa ndekha ndi dikishonale yopanda chikuto. Pepala ndikunenali linang'ambidwa m'buku linalake, ndipo anandikulungirapo kanyenya. Linkakamba za chinthu cha dzina lalitali, okisidetivu sitiresi. Ndinakhala nalo masiku awiri, dikishonale ili pabondo, mpaka ndinamva.

Linkati thupi likamawotcha chakudya ndi mpweya umene timapuma kuti tipeze mphamvu, mumathetheka tizinthu tolusa, tosaoneka ndi maso. Tizinthu timeneti tikachuluka timadya mitsempha ndi minofu pang'onopang'ono, monga dzimbiri limadyera khasu losiyidwa pamvula, kapena monga chinangwa chimadera mukachidula n'kuchisiya pamtetete. Ndiye mzere womaliza unkati munthu akamathamanga kapena kugwira ntchito yolemetsa, tizinthuti timachuluka. Pamenepo pepala linang'ambika, ndipo pamenepo ine ndinakhala pansi.

Ndinene zoona, pansi ndinali nditakhala kale. Pepalalo linangondipatsa chilolezo.

Kale ndinali wa kabaza. Zaka khumi ndi chimodzi ndikupalasa njinga, m'mawa kulima kaye, kenako kunyamula anthu ndi matumba kupita nawo ku Migowi n'kubwerako. Thupi linali ngati waya. Kenako venda wina anandilemba ntchito yomugulira nandolo pasikelo. Nandolo akatha ndinkagula chimanga, chimanga chikatha mpunga. Ntchito yake inali yokhala pamthunzi n'kumayang'ana muvi wa sikelo. Njinga ndinagulitsa. Wa njinga yamoto ankadzanditenga pakhomo n'kudzanditula pakhomo. Tchipisi masana, kanyenya madzulo, zakumwa zotsekemera pakati. Kachasu anayamba ngati wotsitsira fumbi la nandolo, kenako ndinkatsitsa fumbi ngakhale nyengo ya mvula.

Mimba inatuluka. Anthu ankati, "Mwapeza bwino, bwana." Pamaliro ankandipatsa mpando pamene anzanga akukumba. Ndinkakondwa, musandifunse. Munda ndinasiyira amake Esinati. Chaka choyamba ndinati ndiika aganyu. Chaka chachiwiri sindinanene chilichonse. Tsiku lina anandiuza kuti, "Abambo ake, khasu lanu lachita dzimbiri kuseri kwa nyumbaku." Ine ndinati, "Bola khasu kusiyana ndi mwini wake." Ndinadziona wanzeru tsiku lonse.

Chaka chachitatu mutu unayamba kuwawa kunkhongo kuno. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, mapazi dzanzi ngati ndikuponda thonje. Chimene chinandiopsa ndi maso: zilembo zinayamba kusambira papepala. Kuchipatala sindinapite, munthu wowerenga amadziwa kale zonse. Ndinayamba kugona pantchito. Masana ena a mwezi wa Ogasiti ndinatsitsa fumbi mopitiriza, n'kutsamira matumba. Podzuka ndinapeza chingwe chokha chikulendewera pamtengo. Sikelo anali atamasula pamwamba pa mutu wanga. Bwana sanakalipe n'komwe. Anangotumiza munthu wina ndi sikelo ina.

Patangopita sabata, a Muhiwa anabwera. Amenewa ndi malume awo a amake Esinati, eni mbumba, amene mawu awo pamudzi paja sabwezedwa. Anakana mpando, anakhala pakhonde, chipewa pabondo. Amake Esinati anakhala pamphasa chapatali.

"Akamwini, ndabwera ndi funso limodzi," anatero. "Mwana wa mlongo wangayu ndi wamasiye?"

"Ayi, apongozi."

"Nanga bwanji zaka zitatu ndikumuona yekha m'munda? Anthu odutsa akumandipepesa."

Ndinayamba kufotokoza za dzimbiri. Inde, abale, ndinayamba. Ndinafika mpaka pa chinangwa. Anandidula ndi dzanja.

"Pamudzi pano sitinakulandireni kuti muzitiwerengera. Tinakupatsani mkazi, tinakupatsani malo, tinakulozerani munda. Mvula yoyamba ikagwa munda uja usanaundidwe mizere ndi dzanja lanu, osati la waganyu, osati la mkazi wanu, mutenge bulangete lanu ndi mapepala anuwo muziona njira ya kwanu."

Ndinayang'ana amake Esinati kuti andiikire kumbuyo. Iwo maso anali pamphasa.

"Ine sindikunena kuti azipita, malume," anatero. "Ndangotopa."

Amuna amene muli pachikamwini mukudziwa tanthauzo la bulangete limeneli. Nyumba ndinamanga ndine, koma ili pamalo a eni. Ana ndi a kuchikazi. Ndipo kwathuko ndikanapita kwa yani? Amayi anamwalira. Pamene panali munda wawo pano pali miyala imene inatsika kuphiri ndi madzi chaka cha napolo chija, ina yaikulu ngati nyumba. Alongo anga akupanikizana pamalo opemphetsa. Munthu wa zaka makumi asanu, mimba patsogolo, bulangete kukhwapa, kukafika kumeneko n'kunena kuti odi.

Masiku awiri ndinamwa chifukwa cha mkwiyo. Tsiku lachitatu ndinadzuka m'mamawa ndi matsire, osadya kanthu, osatenga madzi, n'kunyamula khasu ladzimbiri lija. Ndinati lero aona kuti kuno kuli mwamuna, theka la mundawu litha lero. Ndinalima ngati ndikumenya munthu. Dzuwa litafika pamutu, mtima unayamba kugunda m'makutu, phiri la Michesi linapendekeka, kenako mdima.

Amene anandipeza ndi a Mulipa, mayi wamasiye weniweni amene munda wawo unachita malire ndi wathu. Anandithira madzi, anakuwa, anthu anandikweza panjinga. Ndinagona m'chipatala masiku atatu. Thupi lonse linkawawa ngati andipondaponda, mkodzo unali wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. BP inali pamwamba, shuga pamwamba. Anati ndikanachedwa impso zikanawonongeka.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa pansi penipeni si pamene ndinagwera m'munda. Pansi penipeni ndi pabedi lija. Ndili gone ndi diripi padzanja, ndinali wokondwa. Mumtima ndinkati, mwaona, pepala langa silinaname, ntchito yolemetsa imapha. Tsiku lotuluka ndinapempha adokotala kuti andilembere kalata yopita kwa a Muhiwa, yonena kuti munthuyu asagwirenso khasu. Mkazi wanga watopa mpaka mawu kumuthera, ine ndikufunafuna chidindo choti atopebe. Adokotala anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kalata imene ndingakulembereni ndi yoti muziyenda tsiku lililonse," anatero. "Imeneyo muifuna?"

Ndinatuluka nditakwiya, n'kukakhala pabenchi yodikirira mankhwala. Mzere unali wautali. Pambali panga panakhala bambo wamtali atavala shati ndi tayi, buku lachipatala lili m'manja. Anandiyang'ana kawiri.

"Kodi si inu a dzimbiri aja?"

Anali a Nyirenda. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanasamuka benchi.

"Ndine ndemwe, aphunzitsi. Nanga inu mukufuna chiyani kuno, ndi kuthamanga konse kuja?"

"Mapiritsi a BP, ngati inu nomwe. Bambo anga inawagwetsa ali ndi zaka zanuzi, sanalankhulenso mpaka kumwalira. N'chifukwa chake mumandiona ndi kabudula pamsewu ngati wamisala. Pepala lija mukadali nalo?"

Linali m'thumba la shati, litafewa ngati nsanza. Ndinawauza zonse, za sikelo, za a Muhiwa, za m'munda. Pomaliza ndinati, "Ndiye mwaona, aphunzitsi, ndinalima tsiku limodzi ndipo ndinatsala pang'ono kufa. Pepalali linanena zoona."

"Linanena zoona," anatero. "Koma linali lisanamalize kulankhula. Mwati munali wa kabaza?"

"Zaka khumi ndi chimodzi."

"Sabata yoyamba miyendo inali bwanji?"

"Ndinkatsika panjinga ngati nkhalamba. Kuchimbudzi ndinkachita kugwira khoma."

"Patatha miyezi itatu?"

"Ndinkakwera chitunda ndi mayi wonenepa, mwana kumsana, nkhuku kuhandulo."

"Chinasintha n'chiyani, njinga kapena inu?"

Iwo anapitiriza pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana wa Folomu 1 amene wabwereza kalasi. Anati theka limene linapita ndi kanyenya liyenera kuti linkanena izi: thupi lili ndi zozimitsira zakezake, zimene limapanga lokha kuti zigwire tizinthu tolusa tija tisanaononge. Vuto si kuthetheka ayi, aliyense amene akupuma mumathetheka. Vuto limabwera pamene tolusato tachuluka kuposa zozimitsira. Dzina lalitali lija tanthauzo lake ndi limenelo. Ndiye munthu akamagwiritsa ntchito thupi mwa muyezo, tsiku ndi tsiku, kuthetheka pang'ono kuja kumakhala ngati kulidzutsa thupi, ndipo limayamba kupanga zozimitsira zambiri kuposa kale.

"Onani manja anu," anatero.

Ndinatambasula. Anali matuza okhaokha, ena ataphulika.

"Manja a mayi a kunyumba ali ndi matuza?"

"Ayi. Ndi olimba ngati chikopa."

"Khasu lake ndi lomwelo. Iwo lawalimbitsa, inu lakusupulani. Mkati mwa thupi zimachitikanso chimodzimodzi. Inu munatenga thupi limene lagona zaka zitatu, lodzaza kachasu, lopanda chakudya, lopanda madzi, n'kulipatsa ntchito ya mwezi pa tsiku limodzi, padzuwa. Zozimitsira zikanachokera kuti?"

"Ndiye bola ndikanangokhala."

"Apo ndiye munalakwitsa kwambiri. Mafuta a pamimbawa, shuga wochuluka m'magazi, mowa, utsi wa fodya, zonsezi zimathethetsa usana ndi usiku, pamene zozimitsira zili m'tulo chifukwa palibe chozidzutsa. Munathawa moto wa ola limodzi n'kukakhala pamoto wa tsiku lonse."

Munthu wowerenga sagonja msanga. Ndinati, "Nanga aganyu bwanji amakalamba msanga? Amalima kuyambira Lolemba mpaka Loweruka."

"Funso labwino," anatero, ndipo ndikuuzeni, mawu awiri amenewo ndinali ndisanawamve kwa mphunzitsi chiyambire. "Waganyu amalima ndi njala, ndipo sapuma. Thupi limalimba pamene mukupuma, osati pamene mukulima, ndipo limafuna chakudya chomangira. Ntchito yopanda chakudya ndi mpumulo nayonso imadya munthu. Koma ine si dokotala. Bwererani mkatimo mukafunse poyambira."

Ena akamapereka umboni amati pamenepo anaona kuwala. Ine sindinaone kuwala kulikonse. Ndinangomva kutopa kwa munthu amene wayenda ulendo wautali, n'kuuzidwa kuti njira si imeneyi, ndipo kubwerera kwake n'kwapansi. Ndinayang'ana manja anga aja, n'kukumbukira manja a amake Esinati pamene ankandimwetsa phala m'wodi. Zaka zitatu ndinkadya za manja amenewo osawayang'ana. Dzina langa litaitanidwa pawindo la mankhwala, ndinalandira, kenako ndinabwerera kukagogoda kwa adokotala aja.

"Kalata ija ndaifuna," ndinatero.

Tsopano ndikuuzeni mmene ndinabwererera, mwina wina pano zimuthandiza. Sizosangalatsa kumva, chifukwa n'zazing'onozing'ono.

Adokotala anati masabata awiri oyamba khasu ayi. Mapiritsi tsiku lililonse, madzi ambiri, ndi kuyenda basi. Masabata awiri, mvula ikuyandikira! Koma ndinali nditayesa kale nzeru zanga, ndipo zinandigoneka pabedi. Ndinamvera.

Kuyenda kuno kwathu kuli ndi vuto lake. Munthu wamkulu sayenda popanda kopita. Ukangotuluka, "Mukupita kuti, abambo a Esinati?" Ukati ndikungoyenda, amayang'anizana. Tsiku lachiwiri mayi wina anakauza amake Esinati kuti andilondole, mwina ndikufuna mtengo wodzimangirira. Ndiye ndinatenga kachigubu ka malita asanu n'kumapita kumjigo wakutali, kudutsa wapafupi. Kumjigoko amayi anandilandira bwino.

"Taonani, bwana wa sikelo abwera kudzayeza madzi!"

"Apatseni mpata, angakomokenso, tilibe njinga lero."

Ndinkaseka nawo, nanga n'kutani. Tsiku loyamba ndinapuma kanayi pobwerera. Sabata yachiwiri ndinapuma kamodzi, ndipo kachigubu kanasanduka ka malita khumi.

Kenako khasu. Tsiku loyamba ndinaunda mizere itatu, yaifupi, n'kukhala pansi. Munda wonse uli yalaa kutsogolo kwanga. A Mulipa anali kumalire akuzula mapesi, ndipo anandifuulira kuti, "Mwaweruka kale? Kapena ndikonzeretu madzi okuthirani?" Muyezo umene a Nyirenda anandipatsa unali uwu: munthu akakupatsa moni uzitha kuyankha mpaka kumapeto, kufunsa za ana ndi za kunyumba, osabanika. Ukayamba kuyankha ndi mutu wokha, wapitirira muyezo, ima. Choncho a Mulipa anasanduka sikelo yanga osadziwa. Akandiseka, ndikatha kuwabwezera mawu, ndinkapitiriza. Ndikalephera, ndinkapuma.

Ndinkayamba kusanatenthe, nditadya kaye kenakake, botolo la madzi lili pamthunzi. Dzuwa likakwera ndinkaweruka, ngakhale mtima ukufuna. Lachitatu ndi Lamulungu sindinkagwira khasu. Masiku amenewo ankandiwawa kwambiri, kukhala pakhonde n'kumayang'ana mitambo, koma Lachinayi ndi Lolemba ndi pamene ndinkaona kuti mizere yawonjezeka. Itatu inakhala isanu, isanu inakhala isanu ndi itatu. Pofika kumapeto kwa Okutobala ndinkaunda khumi ndi iwiri, yaitali.

Pa chakudya palibe chachilendo. Pamsika pali anthu ogulitsa mabotolo amene amati amatsuka thupi lonse. Ndinatsala pang'ono kugula, chifukwa papepala lake panali mawu aatali amene ndimawakonda. A Nyirenda anati zimene zili m'botolomo zamera kuseri kwa nyumba yanga. Chigwada, bonongwe, nkhwani, nandolo yemwe uja ndinkayeza osamudya, gwafa, papaya pang'ono. Ufa wa mgaiwa, ndipo mitanda iwiri m'malo mwa inayi. Tiyi wopanda shuga ndimamwa mpaka lero, ndipo mpaka lero sindinamukhululukire.

Kachasu ndiye musanamizidwe. Ndinagwa kawiri. Njira ya kumunda inkadutsa pakhomo pamene amatcheza, ndipo fungo lake limadziwa dzina langa. Ulendo woyamba ndinati kakapu kamodzi. M'mawa mwake mizere inatsika kuchoka pa khumi kufika pa inayi, mtima ukugunda m'makutu ngati tsiku lija. Panalibe wondikalipira, khasu lokha linandiuza. Amake Esinati anamva fungo, anangochotsa mbale yanga mwakachetechete, ndipo bola akanandilalatira. Ulendo wachiwiri unali pamaliro. Kuyambira pamenepo ndinasintha njira, ndimazungulira kudambo, ndipo pamaliro ndimakhala ndi okumba, kumene manja amatanganidwa.

Chinanso konzekerani: mukayamba kuphwa, anthu adzakuikani m'manda ndi pakamwa. Omwe aja ankati mwapeza bwino anayamba kundipatsa moni wachisoni. Buluku ndinkamanga ndi linya. Ndinamva kuti akuti a Makwinja atenga matenda aja, ena akuti awalodza chifukwa cha sikelo yobera. Kuno munthu akamafa ndi mafuta timamuombera m'manja, akamachira timamupepesa. Zinandiwawa, ndipo masiku ena ndinkalakalaka mimba yanga.

Dzimbiri la m'thupi sindinalionepo, ndipo kuno kulibe sikelo yake. Sindingakuuzeni kuti linachoka lochuluka bwanji. Chimene ndikudziwa n'chakuti tulo tinabwerera, mutu unasiya kuwawa, zilembo zinaima malo amodzi papepala, ndipo anesi akandimanga lamba uja padzanja sapukusanso mutu. Sindinachire. Mapiritsi ndikumwabe, ndipo wina asachoke pano n'kukanena kuti Makwinja wati khasu lalowa m'malo mwa mankhwala. Mapazi akadali dzanzi. Masiku ena ndimadzuka wotopa ngati sindinagone. Inu amene mwakhala nthawi yaitali, musakayambe ndi ukali ngati ine. Funsani mkatimu, yambani ndi zochepa zochititsa manyazi, mawa mubwerezenso. Ndipo mukapeza pepala long'ambika, funsani amene ali ndi buku lonse.

Mwina mukufuna kudziwa za munda. Mvula sinandidikire. Inagwa masana ena kumapeto kwa Novembala, yamphamvu, fumbi lonse n'kugona. Ndinali nditaunda magawo atatu mwa anayi. Gawo la kumunsi linali likadali chigonere. Amake Esinati anapempha kangapo kuti andithandize m'mamawa anthu asanadzuke, koma ndinakana. A Muhiwa anati dzanja langa, ndipo kunama ndinali nditatopa nako.

Ndinakhala pakhonde kuonerera madzi akutsika padenga. Kenako ndinalowa m'nyumba, n'kuyamba kulongedza mabuku anga m'thumba la feteleza. Amake Esinati anaima pakhomo, anayang'ana thumbalo, anayang'ana ine.

"Mbewu ili m'chidebe," anatero. "Mawa tikadzala."

"Nanga malume?"

"Malume abwera okha. Chimanga sichidikira malume."

M'mawa mwake tinadzala, iwo kutsogolo ndi khasu, ine pambuyo ndi mbewu. Tili m'njira kubwerera kunyumba kukadya, tinacheuka n'kuona a Muhiwa akulowa m'munda okha, manja kumbuyo. Anayenda mzere ndi mzere, akuima, akuponda dothi ndi phazi. Anafika kugawo losalimidwa lija, anaimapo nthawi. Kenako anapita kumalire kumene a Mulipa ankadzala, ndipo analankhulana nthawi yaitali, a Muhiwa akuloza uku ndi uku. Atatha anavala chipewa n'kumapita kwawo, osadzera pakhomo pathu.

Thumba la mabuku linali pakona, lomangamanga. Chakumadzulo miyendo inanditengera kumunda, sindikudziwa kuti ndinkakafunako chiyani. A Mulipa anali akadali komweko, akukwirira mapando omaliza. Anandiona, anaweramuka, n'kutsamira mpini.

"Abambo a Esinati, bwerani kuno. Apongozi anu amati munaika aganyu usiku. Amati munthu amene tinamunyamula panjinga uja sangaunde zonsezi."

"Ndiye munawayankha chiyani?"

"Ndinati a Muhiwa, tayang'anani bwino. Waganyu wake uti angaunde mizere yokhota chonchi n'kulandira malipiro? Iyi ndi ya mwini wake, ndinkamuona ndine, akulira nayo m'mawa uliwonse. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti gawo latsalalo mubzalemo chinangwa, sichithamangira mvula yoyamba." Anatola khasu lawo n'kuloza kumalire. "Koma mizere iwiri iyi yalowa m'munda mwanga. Muiwongole mawa. Ndipo chaka chamawa muzidzayamba mwandiitana tisanaunde, ndisamakangane nanu chaka chilichonse."